Anthu a M'mphepete mwa Chithunzi

Pali chinthu chimodzi chimene Kachete sanauzepo munthu aliyense, ngakhale mnzake amene ankabwerekana naye sopo kusukulu yogonera konko. Nkhope ya amayi ake sankaikumbukira. Anamwalira iye asanayambe sukulu, ndipo zithunzi zapakhomo zinawola ndi mvula m'sutikesi pamene amalume ake, amene anamutenga kuti amulere, ankasamuka nyumba. Alendo akamugwira chibwano n'kumati, "Nkhope yonseyi ndi ya malemu, ukuwakumbuka koma?" iye ankangoti "Eya," maso ali pansi. Anakula ndi eya ameneyo, ndipo dzina loti Kachete linachokera komweko.

Atalemba mayeso omaliza, amalume ake anati asamangotha ndiwo pakhomo, azipita nawo kuntchito. Iwo anali mkulu wa bungwe lapakoleji lofufuza ndi kusunga nyimbo zakale ndi mbiri ya anthu. Ankafuna kuti aliyense aziwatchula kuti Dokotala, ngakhale akazi awo powaitana kuti madzi osamba atentha. Sanali dokotala wa jakisoni ayi. Anali dokotala wa nyimbo, koma Kachete anali asanawamvepo akuimba, ngakhale kubafa.

"Ukaona chuma cha mtundu," anatero m'galimoto tsiku loyamba. "Anthu amakwera ndege kudzaona zimene iwe ukagwire ndi manja ako osaphunzirawo."

Chuma cha mtundu chinali m'chipinda chakuseri, moyandikana ndi zimbudzi. Chitseko chinali ndi maloko atatu, koma zenera linalibe galasi, moti mphaka wapakoleji ankalowa n'kumaberekeramo. Makatoni anali atasanjikizana mpaka kudenga, ndipo pafupifupi onse analembedwa mawu amodzimodzi: Zosiyanasiyana. Imodzi yokha inalembedwa kuti Zofunika Kwambiri. Kachete ataitsegula anapezamo zivundikiro za maketulo ndi ambulera yothyoka. Makaseti a nyimbo amene anali pafupi ndi zenera anali atapindika ndi dzuwa. Mabuku nawo, amene anali atawerenga ambiri m'bungwe lonselo chinali chiswe. Chikanakhala chobvala taye, bwenzi chitapatsidwa digiri kalekale.

Wosunga chipindacho anali bambo wachikulire amene onse ankangomutcha a Makiyi, chifukwa ankamveka asanaoneke. Ntchito yosunga iwo ankaimva chonchi: chinthu ukachitsekera, ndiye kuti wachisunga.

"Ndiwe mwana wa mlongo wawo wa bwana?" anamufunsa. "Umayankhula koma?"

"Eya."

"Basi, pomwepo pakwana. Oyankhula muno anachuluka kale."

Nthawi imeneyo bungwe linkakonzekera chionetsero chokumbukira kukhazikitsidwa kwake. Komiti inkakumana m'chipinda cham'mwamba, ndipo Kachete ankamva masupuni akulira m'makapu kuyambira m'mawa mpaka masana. Pamapeto pa mabisiketi onsewo anagwirizana chinthu chimodzi: zithunzi zakale zichoke m'makatoni, zikapachikidwe m'khonde lolowera. Mafelemu anagulidwa kwa mlamu wawo wa Dokotala. Anafika onse ofanana msinkhu, chifukwa, malinga ndi Dokotala, zinthu zofanana zimaoneka zophunzira.

Atayesa kulowetsa chithunzi choyamba, chinakana. Chachiwiri chinakananso. Zithunzi zakalezo zinali zotambalala, mafelemu anali opanikiza.

Komiti inatsika yonse kudzaona vutolo, ena akugwira mphuno chifukwa cha mphaka. Mphunzitsi wina wachinyamata anati mwina mafelemuwo angobwezedwa. Onse anamuyang'ana ngati waphwisa m'tchalitchi, ndipo iye anayamba kuwerenga zolemba pakatoni.

"Vuto si mafelemu," anatero Dokotala. "Vuto ndi zithunzizi. Zili ndi malo ambiri opanda ntchito. Tidula m'mbalimu. Lamulo ndi limodzi, wapakati asakhudzidwe."

Komiti inavomera ndi mitu, n'kubwerera ku tiyi.

Anabweretsa chodulira mapepala, thabwa lolemera lokhala ndi chimpeni chachitali m'mbali. Ntchito inagawidwa bwino lomwe. A Makiyi ankapukuta fumbi. Dokotala ankabwera ndi rula ndi pensulo n'kulemba mizere iwiri, kumanja ndi kumanzere. Kachete ankatsitsa mpeni. Khwaa. Kachidutswa kankagwera m'katoni imene inali pansi pa tebulo, yoti ikadzadza ikatenthedwe kudzala.

Ojambula akale anali ndi kachitidwe kawo koimika anthu. Ophunzira kwambiri ankakhala pamipando pakati, miyendo atasanjikiza, manja pamaondo. Ena onse ankaima m'mbali: amayi okalamba amene anaimba nyimbozo, oimba ng'oma, woyendetsa galimoto, atsikana otaipa, wonyamula mabatire. Ndiye pakhoma pankapita anthu amene anamvera nyimbo, m'katoni n'kumagwera amene anaziimba. Nthawi zina pachithunzi pankatsala dzanja lopanda mwini lili paphewa pa munthu wa jekete.

"Nanga dzanjali?" anafunsa a Makiyi tsiku lina.

"Likusonyeza kuti anthu ankatikonda," anatero Dokotala.

Kachete ankaziona zonsezi n'kumanyoza chamumtima. Ankanyoza komiti, mafelemu, rula, ngakhale kakhosi ka Dokotala kamene kankatuluka pamwamba pa kolala akawerama. Koma dzanja lake silinkanyoza nawo. Linkadula mowongoka, osaphonya mzere, mpaka Dokotala anauza akazi awo kunyumba kuti mwanayu ali ndi tsogolo pa nkhani yosunga mbiri.

Tsiku lina a Makiyi anasiya kupukuta. Anatalikitsa chithunzi ndi maso, n'kuchiyandikitsanso, kenako anayang'ana Kachete.

"Iwe, walowa bwanji m'chithunzi chakale?"

Anamupatsa. Chinali cha gulu, chojambulidwa pafupi ndi galimoto yafumbi. Pakati panali mnyamata wa tsitsi lambiri atafukata makina ojambulira mawu ngati khanda, ndipo Kachete anazindikira makutuwo, anali amalume ake. Chala cha a Makiyi chinapitirira onsewo mpaka kumapeto kwenikweni, kudzanja lamanja. Pamenepo panaima mtsikana wamtali, mapepala atawakumbatira pachifuwa. Sankayang'ana wojambula. Ankayang'ana chinachake kumbali, pakamwa patatseguka pang'ono ngati wangotsala pang'ono kuseka, mpata wa mano ukuonekera.

"Amayi ako awa," anatero a Makiyi. "Ankataipa mawu a nyimbo muno. Ankataipa akuimba, mpaka bwana wa nthawiyo anasamutsa tebulo lawo kuliika kutali ndi ofesi yake. Sanali achete ngati iwe ayi, pakamwa ngati wailesi. Si ukuwakumbuka?"

Kachete anagwira mano ake apatsogolo ndi lilime. Mpatawo unalipo.

"Eya," anatero.

A Makiyi atatembenuka, Kachete analowetsa chithunzicho pansi pa mulu wa zithunzi zodikira mpeni. Tsiku lotsatira mulu unachepa, iye anachibwezeranso pansi. A Makiyi akapita kukawothera dzuwa, ankachisolola n'kumachiyang'ana. Ankafuna kuti nkhopeyo ilowe m'mutu, koma akatseka maso inkasungunuka, n'kutsala mapepala okha ndi diresi.

Anaganiza njira zambiri, zonse za munthu wamantha. Foni analibe, Dokotala anali atanena kuti foni idikire zotsatira za mayeso. Ya a Makiyi inali yamabatani, yojambula anthu ngati mizukwa. Bungwe linali ndi makina olowetsera zithunzi m'kompyuta, mphatso yochokera kwa alendo ena, koma anali akadali m'pulasitiki mu ofesi ya Dokotala kudikira mwambo wowatsegulira. Kuba chithunzicho anakuganizanso, koma akangochiyandikitsa kubulauzi ankachibweza msanga patebulo. Pomaliza anadzitonthoza kuti palibe kanthu, adula monga mwa masiku onse, kenako atola kachidutswako m'katoni. Zotaya sakuimba nazo mlandu wakuba.

Ndiye anatenga felemu n'kuisanjika pachithunzipo kuti aone pamene mpeni udzadutse. Anaisuntha uku, anaisuntha uko. Wapakati akakhala pakati, mphepete mwa felemu munkadutsa pamphuno penipeni pa amayi ake. Diso limodzi likanapita kukhoma, linalo m'katoni.

Anachibwezeranso pansi pa mulu. Koma mulu wake unali utatsala wochepa ngati mbale zotsuka za munthu mmodzi.

Kutatsala pang'ono kuti chionetsero chichitike, Dokotala analowa masana akupukuta zinyenyeswa za bisiketi pataye.

"Pali chithunzi cha ulendo woyamba wokajambula nyimbo," anatero. "Ine ndili pakati ndi makina. Chimenecho ndiye chikhale pakhomo penipeni, alendo akamalowa azikumana nacho. Chili kuti?"

Kachete anayang'ana mpeni.

"Chili pansi pa muluwo, bwana," anatero a Makiyi mosaganiza choipa. "Mwanayu amachisunga ngati dzira."

"Waona? Magazi sanama. Wazindikira chithunzi cha mbiri." Dokotala anachisolola, n'kudziyang'ana nthawi yaitali. "Taonani tsitsi. A Makiyi, munaliona tsitsi ili?"

"Ndinaliona, bwana. Linapita osatsanzika."

Dokotala sanamve, kapena anasankha kusamva. Anaika rula kumanzere, mzere unadutsa pa mayi wina wokalamba wa ndodo. Anaika kumanja. Pensulo inatsika kuchokera m'mwamba, inadutsa pachipumi, pamphuno, pampata wa mano, mpaka pamapepala a pachifuwa. Anachilowetsa okha pansi pa mpeni, n'kuchiwongola ndi zala ziwiri.

"Dula. Mosamala, ichi n'chamtengo wapatali."

Kachete anagwira chogwirira mpeni. Chinali chofunda ndi dzanja lake lomwe, la ntchito ya m'mawa wonse. Anachisiya, n'kuika chikhatho chake pachithunzipo, pansi pa mpeni penipeni.

"Chotsa dzanja, ufuna udzidule?"

"Malume."

"Kuntchito kuno ndine Dokotala."

"Malume, tayang'anani amene mwawalemba mzerewo."

Dokotala anapumira m'mwamba ngati munthu amene akuchedwetsedwa ndi ana pamsewu. Anasuzumira pakati pa zala za Kachete. "Ameneyu ndi mmodzi wa otaipa. Analipo ambiri, ankabwera n'kumapita."

A Makiyi anakhosomola. Makiyi awo analira pang'ono m'chiuno, kenako anawagwira kuti akhale chete.

"Bvalani magalasi, bwana," anatero.

Dokotala anatulutsa magalasi m'thumba la jekete. Anawerama. Kakhosi kaja kanatuluka pamwamba pa kolala, ndipo kanakhala choncho nthawi yaitali. M'chipinda cham'mwamba wina ankakoka mpando. Mwana wa mphaka analira kuseri kwa makatoni.

"Aa," anatero pomaliza. "Ndi achemwali." Anavula magalasi, anawapukuta ndi taye, anawabvalanso. "Ndinaiwala kuti anapita nawo ulendo umenewu. Ndine ndinawapezera ntchitoyi, ukudziwa? Ndine ndinawalankhulira."



Anawongoka, n'kukonza jekete. Kachete anaona mawu a pamsonkhano akubwerera kukhosi kwawo, amodzi amodzi, ngati anthu obwerera m'holo mvula ikatha.

"Tamvera, mwana wa mlongo wanga. Zimenezi n'zowawa, ine ndikumva kuposa iwe, ndinabadwa nawo bere limodzi. Koma bungwe ndi bungwe. Tikasiya chimodzi chosadula, khoma lonse lioneka lopanda dongosolo, ndipo alendo adzati sitidziwa kusunga zinthu. Komanso chithunzi n'chiyani? Ndi pepala chabe. Ife odziwa za mbiri timati munthu sasungidwa papepala, amasungidwa mumtima. Amayi ako uli nawo mumtima. Ukatseka maso umawaona, si choncho? Umawakumbuka."

Anadikira eya. A Makiyi nawonso anadikira eya, chifukwa ndi mawu okhawo amene ankamudziwa nawo.

Kachete anasolola chithunzicho pansi pa mpeni. Anachita pang'onopang'ono kuti m'mphepete musakhudzane ndi chitsulo. Anachigwira pachifuwa ndi manja awiri, monga mmene mtsikana wa m'chithunzimo anagwirira mapepala ake. Mawu atatuluka anali aakulu kuposa mmene iye ankayembekezera, moti anamveka mpaka m'khonde mwa mafelemu.

"Ayi, malume. Sindiwakumbuka. Ndikatseka maso sindiona kanthu, chiyambire. Mumtima mulibe nkhope, nkhope yawo ndi iyi yokha, ndipo simuidula."