Nkhope ya Wokonza Mawotchi

Ndinamuuza mdzukulu wanga kuti asagulitse malo m'buku la amake kwa munthu amene sanamuonepo. Ndinamuuza ali pa tebulo lake lojambulira, ndinamuuzanso akutsuka mbale, ndipo tsiku lina ndinachita kumugwira dzanja lomwe amagwirira pensulo. Iye anangoseka, n'kunena kuti agogo inu mumaopa chilichonse, ngakhale ketulo ya magetsi. Za ketulozo n'zoona, mpaka lero sindiyikhulupirira. Koma pa nkhani iyi sindinaphonye.

Mwanayu timamutcha Makala, chifukwa ali wamng'ono ankatola makala n'kumajambula pa khoma la eni nyumba, ine n'kumatsatira pambuyo ndi chisanza chonyowa, kupepesa kuli pakamwa. Amake, mwana wanga mmodzi yekhayo, anali telala. Anatisiya Makala akadali ku pulayimale, ndiye ndinamulera ndine. Atakula anati akufuna kupanga buku la zithunzi lofotokoza moyo wa amake, ndipo analijambuladi, tsamba ndi tsamba, mpaka chala chake chapakati chinachita chikanga.

Moyo wa amakewo ndi uwu. Ankasoka mu shopu yaikulu ya m'mbali mwa msewu, ya bambo wina amene antchito ake ankamutcha a Sizasi chifukwa chodula malipiro. Singano ikathyoka, kudula. Ukapita kuchimbudzi kawiri, kudula. Mwana wanga atayamba kutsokomola, a Sizasi anati akutsokomolera nsalu za makasitomala, n'kumutulutsa ntchito ili m'manja, khushoni imene ankakhalira n'kuiponya pamsewu. Amene anamutola anali mkulu wina wokonza mawotchi. Anamupatsa ngodya ya khonde lake ndi makina opukusa ndi dzanja a malemu akazi ake, osalipiritsa kalikonse, kupatula kuti aziwasokera mabatani a malaya. Makina amenewo ndi amene anatidyetsa zaka zimene mwana wanga anatsala nazo.

M'bukumo a Sizasi analimo, koma Makala anangowajambula nsana ndi makiyi olendewera m'chiuno, poti nkhope yawo sankaidziwa. Nkhope ya wokonza mawotchi sankaikumbukanso, ndipo mkuluyo anamwalira osasiya chithunzi. Pa tsamba la khonde panali thupi la munthu atanyamula makina, kumutu kuli mbee.

Vuto linali ndalama zosindikizira. Apa ndi pamene panalowa mnzake wina wa magalasi akuluakulu, woimba, amene anati iye anajambulitsa nyimbo zake ndi ndalama za anthu a pa intaneti. Anandifotokozera ngati akufotokozera mwana. Akuti umaonetsa ntchito yako pa malo ena a pa intaneti, n'kunena ndalama zimene zikufunika ndi tsiku lotsekera. Amene waikonda amaponyapo zake n'kuuzako anzake. Pa foni pamaoneka kamzere kamene kamadzaza anthu akamapereka. Kakadzaza tsiku lisanakwane, ndalama n'zako. Kakapanda kudzaza, aliyense zake zimabwerera, iwe n'kutsala ndi manyazi.

Ndinafunsa ngati kumeneko sikupempha. Anati ayi agogo, chifukwa wopereka aliyense amalandira kanthu: wina zikomo, wina buku, wina chithunzi chojambula pamanja. Kenako a Magalasiwo anatukula tsamba la khonde lija, n'kunena kuti apa pali chuma. Wopereka zambiri kuposa onse, nkhope yake ijambulidwe pa munthu wachifundoyu.

Ndinati nkhopeyo ili ndi mwini wake, ndipo ine ndikuikumbuka: mphuno yopindikira kumanzere, kagalasi koonera mawotchi kokankhira pachipumi, mutu wopendekera ngati nthawi zonse akumvetsera wotchi ikugunda. Makala anati mawu sajambulika, agogo, komanso mkuluyo sangadandaule poti anapita. Ndinati amene sangadandaule ndi amene sayenera kuberedwa.

"Ndipo akagula wakuba?" ndinatero.

"Akuba sagula mabuku, agogo."

Ine sindinakane zonse, musandimve molakwa. Nditaona amayi amene ankasoka ndi mwana wanga akubwera ndi mafoni awo kuti Makala awaonetse popereka, ndinalowa kuchipinda kukapukuta maso. Ankawatsogolera a Mabatani, mayi wa mawu ngati belu amene ankakhala makina oyandikana ndi a mwana wanga. Iwowa anauza makasitomala awo, anauza apongozi awo, anauza ngakhale wogulitsa ulusi, kuti buku la mnzathu likutuluka, ponyanipo kangachepe. Ena mwa amayiwa akusokabe kwa a Sizasi mpaka lero, ndiye mukudziwa kuti zimene anaperekazo zinachoka pakamwa pa ana awo.

Kamzere kanakwera bwino masiku oyamba, kenako kanaima. Makala anasiya kudya. Foni inkakhala m'manja ngakhale akusesa. Tsiku lotsekera litayandikira, m'mawa wina ndinamva kukuwa kuchokera kubafa, ine n'kuthamanga poganiza kuti magetsi amugwira. Anatuluka ndi thovu kumutu akuvina. Akuti munthu wina wagula nkhope ija, kamzere kadzaza.

Ndinafunsa kuti ndani. Anati dzina lake walemba kuti Wokonda Zaluso.

"Limenelo ndi dzina la munthu? Amake ndani?"

Anati pa intaneti anthu amadzitcha mmene afunira. Ndinati ndiye usakhudze ndalamazo mpaka uone maso ake. Sanamve. Ndalama zitangofika anathamangira kwa osindikiza, analipira mapepala ndi inki, ndipo anabwera ndi fungo la makina awo m'zovala, akuimba.

Wokonda Zalusoyo analemba kuti sakufuna kutumiza chithunzi, abwera yekha kuti amuone bwinobwino. Ndinati osalozera mlendo pakhomo, mukakumane pamalo pa anthu. Makala anali atalozera kale.

Anagogoda masana, ine ndikusita. Nditatsegula ndinayamba kuona makiyi m'chiuno. Tsitsi linali litachita imvi, mimba itakula, koma makiyi anali omwe aja.

"Agogo, mukadali ndi mphamvu ndithu," anatero a Sizasi, akulowa ndisanawauze kuti lowani.

Makala sankawadziwa. Anawalandira ndi manja awiri, anawapatsa mpando wake wojambulira, anathamangira kukatereka tiyi. Ine ndinaima ndi simbi m'manja mpaka anabwera ndi makapu pa thireyi.

"Iwe, mlendo wakoyu ndi nsana uja wa m'buku lako," ndinatero.

Thireyi sinagwe, koma makapu analira. A Sizasi sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Anathira shuga, anatakasa, n'kuyamba kufotokoza kuti malemu anali ngati mwana wawo, kuti ndi iwo anamuphunzitsa kusoka kolala, ndipo kuti popanda iwo sakanadziwa n'komwe kupondaponda makina. Za tsiku lomuchotsa ntchito anati zinali za bizinesi, munthu wodwala amafunika kupuma. Chimene chinandiwawa kwambiri n'chakuti sankanama dala. Bamboyo ankakhulupiriradi kuti anali wachifundo, ankangosowa buku loti linene zimenezo.

Makala ananena kuti awabwezera ndalama zawo. Iwo anamwetulira, n'kufunsa ngati ali nazo pomwepo. Analibe, zinali zitasanduka mapepala. Ndiye anati iwo safuna ndalama, akufuna chimene anagula, ndipo zinalembedwa poyera kuti wogula adzaona chithunzicho n'kuvomereza chisanasindikizidwe. Anamaliza tiyi yense, anakhala mowongoka, n'kufunsa kuti ayang'ane mbali iti.

Atachoka tinaitana a Magalasi. Nzeru zonse zija zinali zitauma. Anangoti bamboyo akakadandaula kwa eni malo a pa intanetiwo kuti wanamizidwa, Makala adzatchuka ngati wakuba, ndipo palibe adzamuthandizenso. Ndinati tigulitse wadiropu yanga ndi bedi, ine ndigona pansi, ndinagonapo kale. Anati sizingafike ngakhale theka. Ndiye ndinapereka chenjezo langa lina. Ndinati pita kwa a Mabatani lero lomwe, ukawauze zonse, amayi aja adziwe buku lisanatuluke, mwina aganiza nawe chochita. Makala anati achita manyazi, akonza yekha. Ndinati ndipita ndine. Anandigwira miyendo akulira kuti ndisamuyalutse, ine n'kukhala pansi.

Kukonza kwake kunali kwa kuwajambula a Sizasi moipa. Anawapatsa timaso tating'ono ndi milomo yothina. A Sizasi anabweza, akuti mundimwetulitse pang'ono. Anajambulanso, anabwezanso, akuti munthu wopereka makina sayang'ana choncho. Osindikiza nawo ankaimba foni kuti akudikira tsamba limodzi lokha. Tsiku lina ndinamupeza atagona pa tebulo, chithunzi chili pambali pa chigongono. Ndinachitenga n'kuchiyang'ana.

Chinali chokongola kuposa masamba onse. Pofuna kuti nkhopeyo ioneke yachifundo, mwanayu anatenga zonse zimene ndinamuuza za wokonza mawotchi, zomwe ankati sizijambulika zija. Kagalasi pachipumi, mutu wopendekera ngati ukumvetsera, zonse anaziika pa a Sizasi. Kutsogolo kwawo kunali mwana wanga, wowonda, atatambasula manja kulandira makina, akuwayang'ana ndi maso othokoza.

Ndinamudzutsa. Ndinati amako sanamuyang'anepo choncho munthu ameneyu. Anati akudziwa, agogo. Anapinda chithunzicho mu envelopu n'kupita nacho.

Tsiku loonetsa buku anabwereka chipinda cha kuseri kwa sitolo ya mabuku. Munali mipando ya pulasitiki, tebulo lokutidwa ndi nsalu yoyera, ndi mabuku ataunjikidwa bwino. Amayi osoka aja anabwera atavala madiresi osoka okha, ena atapempha kuchoka kuntchito podziwa kuti adulidwa malipiro. Aliyense analandira buku lake. A Mabatani anayamba kutsegula ali chiimire, akuseka mokweza, akuloza kuti taonani makina anga awa, taonani nsana wa a Sizasi, wautengadi mwanayu. Amayi onse anaunjikana pa phewa pawo.

Kenako anafika pa tsamba la khonde. Kuseka kunazima ngati wina wathimitsa wailesi. A Mabatani anayang'ana tsambalo, anayang'ana kutsogolo kumene a Sizasi anakhala atavala suti, n'kuyang'ana Makala.

"Mwana iwe, khushoni ya amako ndinakatola pamsewu ndine tsiku lija," anatero, osakweza mawu. "Ndinapereka kuti anthu adziwe zimenezo."

Anatseka bukulo, analibwezera pa tebulo mosamala, n'kutuluka. Amayi enawo anachita chimodzimodzi, mmodzi ndi mmodzi. Amene amasoka kwa a Sizasi anadutsa atazolika, koma nawonso mabuku anawasiya. Otsala m'chipindamo anali anthu a pa intaneti, achinyamata osadziwa kanthu, ndipo a Sizasi ataimirira kunena kuti luso la ana athu tiyenera kulithandiza, anawaombera m'manja. Mtsikana wina anawapempha kuti asayine pa tsamba lawolo. Anasayina pamwamba penipeni pa mutu wa mwana wanga.

Tsambalo analikulitsa, analiika mu felemu, ndipo lili pa windo la shopu yawo, pakati pa zidole zovala madiresi aukwati. Odutsa amaima n'kumawerenga. Ndamva ndi makutu anga mayi wina akuuza mnzake kuti bambo a shopu iyi ndi amtima wabwino, mpaka analembedwa m'buku.

Mabuku a amayi aja ali mu katoni pansi pa bedi la Makala. Anayesa kuwapititsa kwa a Mabatani, koma anapeza chitseko chotseka pamene makina ankamveka kulira m'katimo. Akakumana pamsewu, mayiwo amaolokera tsidya lina. Pa foni ya Makala mauthenga sakusowa. Wina akufuna ajambulidwe akupulumutsa ana m'madzi, wina akufuna nkhope yake pa dokotala, onse akufunsa mtengo. Sawayankha. Mapensulo ali m'chitini pa tebulo, ndimawapukuta fumbi ndikamasesa. Panopa anapeza ntchito yopinda mapepala kwa osindikiza aja, ndipo njira yachidule yopita kumeneko imadutsa pa windo la a Sizasi. Iye amazungulira kuseri, kumene kuli ngalande ndi agalu, ndipo amafika kunyumba nsapato zili matope okhaokha.