Soketi Yachikasu

Anthu a mumsewu umenewo ankamutchula kuti Namawaya, chifukwa kuyambira ali mtsikana sankasowa kachidutswa ka waya m'thumba kapena m'tsitsi. Abambo ake anamusiyira shopu yokonzera mawailesi, benchi lodzaza zipsera za chowotcherera mawaya, ndi chipinda chakuseri mmene tsopano munkagona amayi ake odwala. Kuchoka pabenchi kukafika pabedi la amayiwo panali mapazi khumi ndi awiri basi.

Tsiku limene abambo anamwalira, zaka zinayi zapitazo, mapazi amenewa anamukanika kuyenda. Anali kalikiliki kusaka vuto m'wailesi ya munthu wina, akumati ndimalize kaye waya umodzi uwu. Polowa m'chipindamo ndi kapu ya tiyi anapeza abambo atazizira kale, okhaokha. Nkhaniyi inkamudya mumtima tsiku ndi tsiku. Choncho adokotala atanena kuti amayi akangopumira kunyumba poti masiku awo atsala ochepa, Namawaya analumbira kuti awa okha sapita popanda wowagwira dzanja.

Koma shopu siyendera malumbiro, imafuna munthu pabenchi. Ndiye anaganiza zoika kamera m'chipindamo kuti aziwaona amayi uku akugwira ntchito. Kamera anali nayo, yakale, yochotsedwa pageti la nyumba ina. Chinkasowa ndi choonerapo. Pashelefu yapamwamba panali kativi ka abambo, ka zithunzi zakuda ndi zoyera, kokhala ndi chogwirira pamutu, galasi lake kukula ngati chikhatho. Chisiyireni masiteshoni kuulutsa mwachikale, kankangoonetsa timadontho tothwanima ngati mchenga.

Anamasula masikulu anayi, nachotsa chivundikiro chakumbuyo. Asanakhudze chilichonse anapisa dzanja lamanzere m'thumba. Limeneli linali lamulo la abambo: galasi la tivi limasunga magetsi ngakhale litazimitsidwa kalekale, ndipo ukaligwira ndi manja awiri magetsiwo amadutsira pamtima. Abambowo lamuloli linawalowa mpaka m'mafupa. Ngakhale pokhala pampando wamba, dzanja lawo lamanzere linkakhala m'thumba, ndipo amayi ankawaseka kuti anakwatiwa ndi mwamuna wa dzanja limodzi.

Namawaya anakhudzitsa sikuludiraiva pansi pa kampira ka pagalasi, magetsi otsalira n'kulira kuti tha! Kenako anatsata kanjira ka mkuwa pabolodi la mkati mwa kativiko, kochokera ku kabokosi kogwira masiteshoni kupita ku mbali yopanga chithunzi. Anakadula ndi lezala, n'kupala mpaka pataoneka mpata. Tsidya la chithunzilo anawotchererapo kachipangizo kotchedwa kapasita ndi waya, naboola chivundikiro, n'kumangapo soketi yachikasu. Tsopano kativiko kanali kogontha ku dziko lonse. Khomo lake linatsala limodzi, ndipo chilichonse choonekera pagalasi chinayenera kulowera pasoketiyo.

Akulumikiza chingwe cha kamera, anatulukira atelala a shopu yoyandikana nayo, tepi ili m'khosi. Iwowa makina akangoima pang'ono miyendo inkawayabwa.

"Anzanu akuonera zonse pafoni, inu muli busy... aa, muli jijirijijiri kudzutsa akufa," anatero atelala, akuloza kativiko.

"Akufa amenewa ndi olimba kuposa zipi zanu," anayankha Namawaya, n'kuyatsa.

Galasi linayera pang'onopang'ono. Chithunzi chinagudubuzika kawiri, n'kukhazikika. Bedi linaoneka, amayi atafunda mpaka pachifuwa, katani ya pawindo, ndi mpando wamatabwa wa pambali pa bedi. Pampandopo panakhala munthu. Kamera inamudula mutu, moti ankangooneka kuyambira m'mapewa kutsika.

"Kodi kwabwera alendo?" anafunsa atelala. "Adutsira pati, ine ndili pakhomo m'mawa wonse?"

Namawaya ananyamuka pabenchi. Anayenda mapazi aja n'kusuzumira m'chipinda. Amayi anali m'tulo. Pampando panalibe munthu, ngakhale nsalu yoti n'kunamizira. Atabwerera pabenchi, munthu uja anali pomwepo pagalasi, atakhala phee. Atelala anakumbukira mwadzidzidzi kuti asiya simbi yositira pamoto.

Mantha anamugwira Namawaya, zoona, koma mmisiri akachita mantha amathamangira mita yake yoyezera magetsi. Mwina ndi chithunzi chakale chimene chinapserera pagalasi, anaganiza. Anatembenuza kamera kuloza kukhoma, ndipo pagalasi panangooneka khoma. Ataibwezera, mpando unabwerera ndi mwini wake. Mwina kanjira kaja sikanaduke bwino, kabokosi kakulowetsa zinyalala zam'mlengalenga. Anakapalanso, nayeza ndi mita, singano osasuntha ngakhale pang'ono. Tsiku lachiwiri anazula kabokosi konseko n'kukaponya m'katoni. Anasintha chingwe. Anabwereka kamera ina. Munthu uja sanachoke.

Ndipo apa mpamene umisiri umapusitsa eni ake. Chinthu chimene anachipanga kuti akhale pafupi ndi amayi ndicho chinamumata pabenchi. Ankalowa m'chipinda kukawatembenuza, kuwamwetsa mankhwala ndi kuwapukuta, koma akutero maganizo ali pabolodi. Pampando paja sankakhalapo, ankapazungulira. Amayi akamuitana ndi maso, iye ankati, "Ndikubwera amayi, pali kanthu kakundivuta pang'ono."

Tsiku lachitatu masana dzuwa linali phwee, msewu uli zii, makina a atelala okha akulira kuseri kwa khoma. Namawaya anaganiza zoyesa chinthu chimene anayenera kuyambira. Anagwira pulagi ya chingwe cha kamera n'kuizula musoketi yachikasu.

Chithunzi sichinachoke.

Anayang'ana pulagi ili m'dzanja lake, nayang'ana soketi ili yasa. Masiteshoni anawadula yekha. Khomo lotsala analitseka yekha. Koma bedi linali pomwepo, katani ikugwedezeka ndi kamphepo, chifuwa cha amayi chikukwera ndi kutsika movutikira. Kwa nthawi yoyamba anasiya kusaka vuto n'kumuyang'anitsitsa munthuyo. Anali atavala jekete la ntchito lothimbirira m'zigongono. Dzanja lamanja linali pachotsamira mkono cha mpando. Lamanzere linali m'thumba.

"Ababa," anatero Namawaya.

Dzanja lamanja lija linadzuka, n'kugogoda kawiri pathabwa la mpando. Umu ndi mmene abambo ankachitira akafuna kuti iye asiye ntchito abwere, chifukwa sankakonda kukuwa. Kativiko kanalibe mawu, sipika anali ataichotsa tsiku loyamba. Koma kugogodako anakumva. Kunachokera kuseri, m'chipinda: go, go.

Maso ake anagwera pabolodi. Panali malo amodzi pamene mtovu wolumikizira mawaya sunagwire bwino, potuwa, pomwe sanapaone masiku onsewa. Chowotcherera chinali chotentha kale. Inali ntchito ya mphindi imodzi, ndipo mwina vuto lonse linali pamenepo. Ndimalize kaye, mtima unanong'ona, ndipo dzanja linafika mpaka pachigwiriro.

Analibweza. Anazula chowotcherera kukhoma, n'kuyenda mapazi khumi ndi awiri aja.

Amayi anali maso. Kwa masiku awiri anali asanalankhule, koma atamuona milomo yawo inasuntha.

"Wabwera, mwana wanga?"

"Ndabwera, amayi."

"Khala pansi. Abambo ako atopa kukusungira malo."

Namawaya anayang'ana mpando. Unali wopanda munthu ngati kale. Anakhalapo pang'onopang'ono, ndipo thabwa linali lofunda, kufunda kwa pamene munthu wangodzukapo kumene. Sanadzukepo. Anatenga dzanja la amayi n'kuligwira ndi manja ake onse awiri.

"Kodi anakwiya nane?" anafunsa, misozi ikutsika. "Tsiku lija sindinabwere."

"Amene aja? Akuti mtovu umathira wambiri, basi." Amayi anayesa kuseka, n'kutsokomola. "Usachoke."

"Sindichoka."

Sanachokedi. Kushopu kunabwera munthu, naodira kangapo, n'kubwerera. Dzuwa linasuntha pakatani. Amayi ankapuma motalikitsa, kupuma kulikonse kukuchedwa kuposa kwam'mbuyo. Nthawi ya ana kuweruka kusukulu isanakwane, anapuma komaliza dzanja lawo lili m'manja mwa mwana wawo. Namawaya analira kwambiri, koma kulira kwake sikunali ngati kwa zaka zinayi zapitazo.

Atawatseka maso ndi kuwafunditsa, anatuluka kuti akauze atelala. Anawapeza ataima pakati pa shopu yake, tepi ili m'manja, akuyang'ana kativi. Galasi linali lotuwa, lopanda kanthu, monga limayenera kukhalira ngati chingwe chazulidwa. Pulagi inali pabenchi pamene anaisiya.

"Ndinamva wina akuodira, ndiye ndinabwera kudzakuonerani shopu," anatero atelala motsitsa mawu, nthabwala zonse zitawathera. "Ndinakuonani muli pampando. Alendo aja anaima kumutu kwa bedi. Kenako anawerama, n'kutulutsa dzanja lija m'thumba."

"Kenako?"

"Dzanjalo anawapatsa amayi anu. Basi, chithunzi n'kuzima."