Tsiku Limene Bambo Sanalembe Mvula

"Tabwera udzaone zodabwitsa," anatero Wachipewa osachotsa maso pa kompyuta. "Malinga ndi makina athu, tsiku la chigumula kuchigwa kwanu sikunagwe ngakhale dontho limodzi."

Kapu ya tiyi ndinaiika pansi msanga. Wachipewa anali mnzanga wa pantchito, munthu wanthabwala amene chipewa sankachivula ngakhale pamsonkhano, koma tsiku limenelo sanaseke. Anandilozera manambala a mvula ya sabata imeneyo: 40, 62, 91, kenako ziro. Ziroyo inali pa tsiku limene madzi anakokolola nyumba za kuchigwa, mng'ono wanga ali m'kati mwa imodzi.

Ntchito yathu inali youmba dziko m'kompyuta. Tinkaikamo nyanja, mphepo, mitambo ndi nkhalango, n'kulisiya kuti liziyenda lokha m'makina a m'chipinda chozizira cha pansi. Maikowo tinkaumba awiri. Lina linali lomwe tikukhalamoli, ndi utsi wake wonse wa mafakitale ndi magalimoto; linalo linali dziko limene utsiwo sunafukemo. Tikawayerekeza, tinkatha kunena ngati tsoka linali lachilengedwe chabe kapena munali dzanja la munthu. Koma kuti makina asatinamize, tinkawapatsa manambala enieni a anthu oyeza mvula, ndipo woyeza mvula wa kuchigwa kwathu kwa zaka makumi atatu anali bambo anga.

Tinatsegula chithunzi cha tsamba la m'buku lawo. M'kabokosi ka tsikulo munalibe ziro. Munalibe chilichonse.

"Nanga ziroyo yachokera kuti?" anafunsa a Profesa, mayi amene ankatsogolera gulu lathu.

Ndinkadziwa kumene inachokera. Pulogalamu yosamutsa manambala a m'mabuku akale ndinailemba ndine, ndipo mwaphuma ndinaiuza kuti kabokosi kopanda kanthu izikawerenga ngati ziro. Woyeza mvula aliyense amadziwa kuti tsiku louma amalemba ziro, ndipo kabokosi kosalembamo ndi nkhani ina. Ine, mwana wa woyeza mvula, ndinaziphatikiza. Milungu iwiri yathunthu makina anali akutiuza kuti chigumulacho chinabwera ndi kamvula wamba. Manyazi anandigwira, koma mkwiyo unaposa manyaziwo, chifukwa tsiku limene mng'ono wanga anafa ndinali nditalifufuta ndi dzanja langa lomwe.

"Lipoti la chigumulachi likupita Lachisanu," anatero a Profesa mofatsa. "Tikapanda kudziwa za tsikuli, buku lonse la bambo ako tilichotsamo, ndipo za chigwa chanu sitinenapo kanthu. Nambala yopeka sitingaike. Pepa, mwanawe."

M'mawa mwake ndinakwera basi. Bambo tsopano ankakhala pachitunda, m'zipinda ziwiri zimene anawamangira mlamu wanga, mwamuna wa malemuyo. Chaka chinali chitatha chichitikire chigumula, koma za tsikulo anali asanatchulepo, ngakhale pamaliro. Ndinawapeza pakhonde akusoka nsapato. Titapatsana moni ndinayamba kuzungulirazungulira, ndifunse za miyendo yawo, ndifunse za denga, mpaka anandidula pakamwa.

"Sunakwerere basi denga iwe. Tanena."

"Ababa, m'buku lanu la mvula muli kabokosi kamene simunalembemo."

"Kalimo."

"Munaiwala?"

Anandiyang'ana ngati ndawatukwana. "Tsiku limene unabadwa iwe ndinalemba. Tsiku limene tinaika amako ndinalemba. Ndiiwale limenelo?"

Anabaya singano m'nsapato n'kuisiya momwemo.

"Mng'ono wako anandiletsa," anatero. "Anati, ababa, mvula iyi musatuluke, mukayeza masana. Ndinamuyankha kuti mvula amayeza eyiti koloko, osati nthawi imene munthu wafuna. Ndinamusiya akutchera ndowa pamene pankadontha, ine n'kukwera chitunda chino. Choyezera mvula ndinachipeza chitadzaza, madzi akutayikira m'mbali. Chimalowa mamilimita mazana awiri. Ndilembe mazana awiri? Likhala bodza, chifukwa yagwa yoposa pamenepo. Nanga ndilembe zingati? Madzi akatayika saoleka. Ndinaima pamvulapo, pensulo ili kumanja, ndikulimbana ndi nambala. Kenako ndinamva mkokomo. Nditacheuka, mtsinje unali utaimirira ngati khoma, ukulowa m'nyumba za anthu. Denga lathu ndinaliona likutembenuka."

Anayang'ana kuchigwa kumene tsopano kunali mchenga wokhawokha.

"Ndikanatsala, bwenzi nditamutulutsa. Kapena tikanapita tonse. Zonse ziwirizo zikanakhala bwino kusiyana ndi izi."

Ine ndinalira, iwo sanalire. Misozi itaphwa ndinawafotokozera kuti makina angathe kulandira mawu akuti mvula inaposa mazana awiri, bola atsimikize mwini wake amene anaona. Ziro yanga ija ndinaiulula nayo, ndikuyembekeza kuti andikalipira ngati mmene ankachitira ndili mwana ndikawerenga choyezera nditaimirira. Paja ankati madzi amawerenga utagwada, diso lako lifanane ndi mlingo wake. Koma sanakalipe. Anatenga pepala n'kulemba ndi zilembo zawo zowongoka zija: "Chinadzaza ndi kusefukira. Ndinaona ndi maso anga." Anasainira, koma pepalalo sanalitaye m'manja.

"Mlamu wako akuti kuntchito kwanu muli ndi dziko lina, lopanda utsi."

"Ndi la manambala chabe, ababa."

"Chigwa chathu chilimo?"

"Chilimo."

"Ndiye pepalali ndikapereka ndekha."

Anafika Lachinayi masana atavala jekete yawo ya kutchalitchi. Manambala ndinali nditakonza kale, ndipo makina anali atamaliza kuwerengetsa. Bambo atalowa muofesi, Wachipewa anaimirira n'kuvula chipewa, ndipo aka kanali koyamba kuti ndione dazi lake. A Profesa analandira pepala lija ndi manja awiri. Anawathokoza chifukwa cha zaka makumi atatu, nawauza kuti mvula yotero m'dziko lopanda utsi ikanagwa mwina kamodzi pa zaka mazana awiri, pamene m'dziko lathu lino ikhoza kumabwera kamodzi pa zaka makumi atatu. Bambo ankangogwedeza mutu mwaulemu. Sizinali zimene anadzera.

"Nyumba yanga ili pati?"

Ndinawaonetsa pagalasi la kompyuta. Mzere wakuda unali msinkhu wa malo pamene panali nyumba zija. Mzere wofiira, wa madzi a dziko lathu, unakwera n'kuudutsa kutali. Mzere wobiriwira, wa dziko linalo, unakweranso mwamphamvu, koma utatsala pang'ono kuugunda wakudawo unagonja n'kuyamba kutsika.

"Ndiye kuti kumeneko ali moyo."

"Makina sanena za munthu mmodzi, ababa. Amangonena kuti mwina madzi sakanafika."

"Nanga woyeza mvula wa kumeneko anapita kuchitunda, kapena anamvera mwana wake?"

A Profesa anayang'ana pansi. Ndinayankha zimene ndinkadziwa, ndipo mpaka lero zimandiwawa kuti ndinalibe zina.

"Mulibe anthu m'menemo, ababa."

Bambo anagwira m'mphepete mwa tebulo, n'kutsika pang'onopang'ono ndi mawondo awo owuma aja mpaka anagwada, diso lawo litafanana ndi pamwamba pa mzere wobiriwira. Anayang'anitsitsa nthawi yaitali. Kenako anaika chala chachikulu pagalasi, pampata wa pakati pa madzi ndi nyumba, ndipo mpata wonsewo unabisika pansi pa chalacho. Dzanja linalo linapisa m'thumba la jekete n'kutulutsa pensulo. Anaigwira choncho m'mwamba, akuyang'ana uku ndi uku patebulo, koma panalibe buku loti alembemo.

Lipoti linapita Lachisanu, buku la bambo lili momwemo. Mayi wokonza muofesi atabwera ndi kansalu kake Lolemba, ndinamupempha kuti kompyuta yanga asaipukute. Chidindo cha chala chija chinali chikadali pagalasi, pamwamba pang'ono pa pomwe madzi analekezera.