Foni ya ku Ofesi ya Misonkho

Pyo Eun-sil anathawa mwamuna wake ku Daegu chisanu chili pachimake, atanyamula chikwama chimodzi ndi mwana wake wamkazi, Da-on. Anakafikira ku Gunsan, kumene sankadziwana ndi munthu aliyense, napeza ntchito pafakitale yolongedza ndere za m'nyanja. Nambala ya foni anasintha, yatsopanoyo anapatsa mayi ake okha, koma nawonso sanawauze dzina la tauniyo. Ankawadziwa kuti mkamwini akangowakalipira, pakamwa pamatseguka.

Mwezi wa Meyi utafika, nkhani pafakitale inali imodzi: ndalama zimene boma limabwezera mabanja ogwira ntchito koma opeza zochepa, makamaka okhala ndi ana.

"Amake Da-on, mwapempha kale?" anafunsa Mayi Bong, woyang'anira gulu lawo, akudya mpunga masana.

"Ayi achemwali, ine zimenezo zindipite."

"Ndinu olemera eti? Malipiro ake omwewa? Mwana uja ndinamuona ine, zala zikusuzumira kunja kwa nsapato. Bweretsani foniyo kuno."

Amayi onse anaseka, ndipo Eun-sil anachita manyazi kukananso. Mayi Bong anadinadina, mpunga uli m'kamwa, pempho n'kupita.

Patapita masabata angapo foni inalira ali pantchito. Anali mayi wa ku ofesi ya misonkho, wolankhula mwaulemu.

"Mayi Pyo, pali kavuto pang'ono. Mwalamulo mudakali pabanja ndi Bambo Ma Gi-cheol. Mwamuna ndi mkazi timawawerenga ngati khomo limodzi, ndipo khomo limodzi limalandira kamodzi. Iwonso anapempha, anamulembanso Da-on. Ndiye pafunika mugwirizane kuti wolandira akhale ndani."

Eun-sil anagwira khoma.

"Chonde, musawauze kuti ndili kuno."

"Kumene munthu akukhala sitinena, mayi. Koma kuwaimbira ndawaimbira kale m'mawa uno, poti nkhaniyi ndi ya anthu awiri."

Foni itadulidwa, Eun-sil anayang'ana nambala imene mayiyo anaimbira. Inayamba ndi 063, ndipo iyenera kuti inaonekanso pafoni ya Gi-cheol m'mawa uja. Ngakhale mwana wa sukulu amadziwa kuti nambala zotere ndi za chigawo chiti, ndipo Gi-cheol anali dalaivala wa lole yabuluu, woyenda misewu yonse.

Tsiku lotsatira mayi ake a Eun-sil anaimba akulira. "Mwanawe, mwamuna wako anabwera kuno. Akuti ndiwe wakuba, ukufuna kumudyera ndalama za mwana wake. Akuti adziwa mbali imene uli, ayenda fakitale ndi fakitale."

Kuyambira pamenepo Eun-sil sankayenda ngati munthu. Akaona lole iliyonse yabuluu ankabisala. Da-on anamuletsa kusewera panja, makatani osatsegula ngakhale kukutentha. Mwanayo sanafunse chifukwa; anangoyamba kulankhula monong'ona ngati mmene ankachitira ku Daegu, ndipo zimenezi ndi zimene zinamupweteka mayiyo koposa.

Lachinayi lina masana, mlonda wa pageti analowa m'chipinda cholongedzera. "Pali bambo wina panja. Akufunsa ngati pano pali mayi wa ku Daegu wokhala ndi mwana wamkazi."

Paketi imene inali m'manja mwa Eun-sil inagwa. Mayi Bong anamuyang'ana kamodzi kokha n'kuzindikira.

"Mwamuyankha chiyani, achimwene?"

"Ndati ndikafunse."

"Kamuuzeni kuti muno tonse ndife nkhalamba za konkuno." Mayi Bong anavula magolovesi, namukoka Eun-sil dzanja. "Tiyeni. Khomo la kumbuyo."

Anakwera galimoto ya Mayi Bong, Eun-sil atagona pampando wakumbuyo. Podutsa pageti anamva mawu a Gi-cheol akuseka ndi mlonda, kuseka kwake kuja kokoma kumene anthu akunja ankamukondera. Analuma mkono wa malaya ake kuti asakuwe.

Da-on anakamutenga m'kalasi phunziro lili mkati. Kunyumba sanapiteko. Mayi Bong anawaperekeza ku polisi, apolisi n'kuwatumiza kunyumba yobisalako amayi othawa nkhanza.

"Ndine ndinadina foni ija," anatero Mayi Bong potsanzikana, maso ali ofiira. "Kamwa langali."

"Simunadziwe, achemwali. Ine sindinakuuzeni."

Chaka chimenecho ndalama zinapita kwa Gi-cheol. Eun-sil anabweza pempho lake, poti kugwirizana naye kunafuna kulankhulana naye. Loya wa panyumbapo anamuthandiza kusuma, khoti n'kuletsa mwamunayo kumuyandikira. Ukwati unatha chaka chotsatira, Eun-sil ali kale m'tauni ina, akuchapa zovala m'chipatala.

Meyi wina atafika anapempha yekha, m'dzina lake, iye ndi mwana wake. Ndalama zinabwera mu Ogasiti popanda woimba foni, koma Eun-sil anakhalabe miyezi yambiri akudzidzimuka nambala yachilendo ikaoneka.