Mphuno ya Ermete

Ermete anabaya ntchafu ya nkhumba ndi fupa losongoka la hatchi, n'kulizula, n'kulinunkhiza. Zii! Anabayanso malo ena anayi monga mwa mwambo, koma palibe chimene anamva.

Chidwalire chimfine mu Januwale, mphuno yake inali itafa, ndipo sanauze munthu. Zaka makumi anayi akununkhiza nyama, lero n'kumangolota! Bodzali linali litamutopetsa.

"Iyi ili bwino," anatero. "Iikidwe pamodzi ndi za mawa."

Mawalo kunkabwera oyendera a bungwe loyang'anira ubwino wa nyama ndi chidindo chamoto. Ntchafu yopanda chidindo sitchedwa dzina lotchuka la dera lawo la Parma, ngakhale itauma miyezi ingati m'mapiri momwemo. Imangokhala nyama yamchere basi.

Nives, mwana wake wamkazi amene ankayendetsa nyumba youmitsira nyamayo, anaima chilili manja ali m'chiuno.

"Ababa, inunkhizeninso."

"Iwe, ukufuna kundiphunzitsa ntchito? Ndinayamba kugwira fupali usanamere mano."

"Imeneyo ndi yowola m'kati. Ndinaipatula Lolemba, lero ndaibweza dala. Ngakhale mphaka akuilambalala."

Ermete anakhala pansi pa bokosi la mchere.

"Ndiye wanditchera msampha, bambo ako?"

"Nanga ndikanatani? Khofi anapserera pamoto dzana inu muli pompo, osatembenuka n'komwe. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Oyendera akayamba kupeza zotere, atilanda dzina, ndipo dzinalo si lathu tokha, ndi la chigwa chonse."

Mkuluyo anayang'ana ntchafu mazanamazana zolendewera mpaka kudenga. Zonsezo anazipaka mchere yekha. Anachita manyazi, komanso mtima unapepuka pang'ono.

"Zimene ndavomereza chiyambire Januwale zilipo zingati?"

"Mazana atatu."

"Mayo ine! Uzibayenso zonse lero."

Anapukuta fupa lija pa epuloni n'kulipereka kwa Nives ndi manja awiri.

"Linali la agogo ako. Usamafulumire, pafupi ndi fupa la ntchafu m'pamene pamabisala zoipa."

"Nanga inu muzitani?"

"Ndizitsegula mawindo kuti nyama iziuma bwino. Mphepo yokha ndimaimvabe pakhungu."

Anakwera masitepe pang'onopang'ono atagwira khoma. Atafika pamwamba anamva Nives akuuza antchito kuti achotse ntchafu yachiwiri yowola.