Miyendo Isanu ndi Itatu pa Tsamba la Tomato

M'kuyendayenda kwangaku ndinakhalapo mpando umodzi m'basi ndi mayi wina wamasiye, ndipo nkhani ya dimba lake ndi iyi.

Tomato wa m'dimbamo anawokera ndi mwamuna wake asanagonekedwe m'chipatala. Mbewu yake bamboyo ankasunga yekha chaka ndi chaka, ndipo yotsala panalibe. Atamwalira, masamba anayamba timadontho tachikasu. Kunsi kwake kunali tizilombo tofiira, tating'ono ngati fumbi.

Mlamu wake wa mayiyo anabwera ndi botolo la mankhwala. "Mlamu, kachilombo ndi kachilombo basi. Awa ndi amene ndinaphera nsabwe pa kabichi wanga. Poperani, musaumire."

Mayiyo anapopera, kenako anapoperanso. Tizilombo tija tinangochuluka, mpaka tomato yense anakutidwa ndi ulusi wopyapyala.

Mlangizi wa zaulimi atafika, anathothola tsamba n'kupatsa mayiyo galasi lokulitsa zinthu. "Mayi, werengani miyendo."

"Isanu ndi itatu."

"Nanga tinyanga pamutu?"

"Palibe."

"Ndiye si m'bale wa nsabwe ameneyu," anatero mlangizi. "Nsabwe za m'masamba, ziwala ndi agulugufe zili ndi miyendo isanu ndi umodzi, tinyanga tiwiri ndi thupi la zigawo zitatu. Wa miyendo isanu ndi itatu ndi wa kubanja la kangaude, chinkhanira ndi nkhupakupa. Bongololo ndi namkalizi ali kwawo, miyendo mbwee. Nkhanu nayo ili kwawo, ndi chigoba chake. Akangaude ofiirawa mankhwala mwapoperawa sawamva. Mwangopha tizilombo tina timene tinkawadya."

Mlamu uja anaseka mwamanyazi. "Aa, alangizi! Munthu azichita kugwada m'dimba kuwerenga miyendo ngati akugula mbuzi?"

"Mbuziyo mumaiyang'ana musanagule, bambo. Apa munayang'ana?"

Mayiyo sanawamvenso. "Kodi palibe ngakhale phata limodzi loti nditengepo mbewu?"

Mlangizi anayenda mzere ndi mzere, akutembenuza masamba. Maluwa onse anali atayoyoka osabereka. Anabwerera chimanjamanja.

"Pepani mayi. Uyu ndi wozula n'kutentha, kuti asafalikire kwa anzanu."

Mayiyo anazula yekha, osalola mlamu wake kugwirako. Mfundo za luzi zimene mwamuna wake anamangira tomato kuzikhomo sanadule ndi mpeni. Anamasula imodziimodzi, misozi ikugwera m'manja.

Phunziro: Tizilombo sitili banja limodzi. Musanapopere, werengani miyendo, yang'anani tinyanga ndi thupi lake, ndipo mukakayika funsani mlangizi mbewu zikadali zamoyo.