Chitenje cha Mgiriki

Ntchito yanga inali yokolopa mu holo ya khonsolo, m'tauni ina yomwe ndinkapitako pa basi kuchokera ku Middlesbrough. Pakati pa holoyo panaima chosema cha mwamuna, choyera mbuu, chopanda mikono, chili mbulanda. Ankati ndi Mgiriki wakalekale. Eni mafakitale a zitsulo ndi amene anamubweretsa, ati kuti tauni yautsi ija izioneka ya anthu ophunzira. Mpaka lero nkhope yake ili pa makalata a khonsolo ndi pa mabini a zinyalala omwe, ndipo olumbira kukhala nzika amajambulitsa pambali pake. Ine ndinkangoona bambo wamkulu wopanda manyazi.

Kumupukuta fumbi inalinso ntchito yanga. Ine mayi wa Mvano, kumayang'anizana ndi zimenezo m'mawa uliwonse? Ndiye ndinkamumanga chitenje changa chofiira m'chiuno, n'kuchichotsa anthu asanafike.

Lachiwiri lina chitenjecho chinanyowa ndi mvula m'chikwama, ine osalabadira, n'kumumanga chonyowa chomwecho. Pochimasula ndinapeza chiuno chonse chili psuu. Ndinathira sopo, utoto n'kumalowerera. Ndinakwecha ndi siponji mpaka siponjiyo inayamba kutuluka zoyera ngati ufa.

Ndinachita mantha omwe sindinachitepo ngakhale tsiku lomwe ndinkafunsidwa mafunso a othawa kwawo. Mapepala anga a zaka zisanu ondilola kukhala m'dzikomo ankatha mwezi wotsatira, ndipo loya anali atandichenjeza kuti dzina langa lisapezeke paliponse pomwe pali mlandu. Tsono ndawononga mwini tauni. Ndinaganiza zothawa, koma kamera inali pamwamba pa chitseko, ikundiyang'ana.

A Daphne, omwe amayang'anira zinthu zakale za m'holomo, anandipeza nditaima pomwepo. Anayang'anitsitsa chiuno chija. Miyendo yanga inachita zomwe inaphunzira kwathu: ndinagwada, manja pamodzi.

"Asimenye, mwavulala?" anatero akuthamangira. "Ndiitane ambulansi?"

"Ayi, musaitane aliyense. Ndalakwa ndine."

Ndinafotokoza zonse, chitenje chili m'manja. Anagwira pakamwa, kenako kuseka kunawapulumuka.

"Dzukani, chonde. Ameneyu si wamwala. Ndi wa pulasitala, wongotengera. Weniweni sanachokepo kwawo. Uyu timamupaka penti akada."

Ndinadzuka. Kani nayenso ndi wobwera, wongofanizira, koma zaka zonsezi palibe anamufunsapo mapepala.

"Palibe vuto," anatero a Daphne, akutsegula kabati. "Tingolemba kafomu kuti zidziwike zomwe zachitika. Sikapita patali."

Anandipatsa cholembera akumwetulira, ndipo ndikudziwa kuti ankanena zoona za mumtima mwawo. Koma iwo fomu sinawachotsepo m'nyumba, sinawakwezepo m'galimoto ya alonda. Mzere woyamba unkafuna dzina lonse, wachiwiri dziko lomwe ndinabadwira. Ndinagwira cholemberacho ndi manja awiri.